Kholo lisankhe lokha, koma lisasankhe mwachimbulimbuli

Pali mkangano umene ukukulirakulira pakati pa makolo a masiku ano, ndipo ukumveka m'makomo, pamzere wodikira adokotala, ngakhale pa masamba a mchezo. Mbali imodzi kuli makolo amene atopa ndi kuuzidwa chochita ndi aliyense, ndipo asankha kulera ana m'njira imene amati ndi yachilengedwe: kuyamwitsa nthawi yaitali, kunyamula khanda pathupi m'malo moligoneka lokha, kuphikira ana okha m'malo mogula zam'mapaketi, kuchotsa foni m'manja mwa mwana, kusathamangira mapiritsi pa kachimfine kalikonse. Mbali inayo kuli amene akuona makolowa ngati anthu aliuma, odziyesa anzeru kuposa madokotala, amene tsiku lina adzaika ana m'manda chifukwa cha makani. Ine ndili kumbali ya makolo osankha okha, ndipo sindikubisa. Kholo limene limafunsa kuti "chifukwa chiyani?" lisanalole chinthu kuchitika pa mwana wake likugwira ntchito imene linapatsidwa, silikuchita mwano. Komatu ufulu umene ndikuuikira kumbuyo ndi ufulu woganiza, ndipo munthu woganiza amafunsa funso lomwelo kwa aliyense, kuphatikizapo uja akumugulitsa botolo lolembedwa kuti "zachilengedwe". Pa chisankho chilichonse chokhudza mwana pali mafunso awiri amene sayenera kudumphidwa: umboni wake uli kuti, ndipo ndikalakwitsa, mwanayu alipira chiyani?

Ndiyambe ndi chifukwa chimene ndaimira mbali imeneyi. Zambiri mwa zimene makolowa amachita si nkhambakamwa ayi. Sayansi yomweyo imene anthu amawaopseza nayo ndi imene ikuwavomereza. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi UNICEF amalangiza kuti khanda liyambe kuyamwa lisanathe ola limodzi chibadwire, liyamwe mwakathithi kwa miyezi 6 popanda ngakhale dontho la madzi, kenaka lipitirize kuyamwa mpaka zaka 2 kapena kupitirira apo uku likudya zakudya zina. Mu 2016 magazini ya zachipatala ya The Lancet inatulutsa kafukufuku amene anawerengera kuti ana pafupifupi onse akanamayamwa mokwanira, imfa 823,000 za ana osakwana zaka 5 zikanapeweka chaka chilichonse, pamodzi ndi imfa 20,000 za amayi zobwera ndi khansa ya m'mawere. Tsono mayi amene akuyamwitsa mwana wa chaka ndi theka, anthu ena n'kumamuyang'ana cham'mbali, ndiye amene akutsata malangizo a akatswiri. Nanga zinayamba bwanji kuti iye azioneka ngati wotsalira? Kwa zaka zambiri makampani a mkaka wa m'chitini anathira ndalama zankhaninkhani pokopa amayi ndi ogwira ntchito m'zipatala, mpaka mu 1981 msonkhano waukulu wa WHO unachita kukhazikitsa malamulo oletsa kutsatsa mkakawo kwa anthu wamba ndi kugawira amayi mkaka waulere wolawitsa. Malamulo otere sabwera popanda chimene chachitika. Kholo lokayikira uthenga wa otsatsa malonda lili ndi chifukwa chomveka.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kuposa zonse ndi cha ku Bogotá, m'dziko la Colombia. Mu 1978, pa chipatala cha Instituto Materno Infantil, makina ofunditsira ana obadwa masiku asanakwane anali ochepa, moti makanda ankagonekedwa angapo m'makina amodzi n'kumapatsirana matenda. Dokotala wa ana, Edgar Rey Sanabria, anayamba kuika tiana timeneti pachifuwa cha amayi awo, khungu kukhudza khungu. Kamwana kongodzaza manja awiri, katavala thewera ndi kachipewa basi, kamutu kali pakati pa mabere, nsalu itakamanga kuti kasaterereke. Kakumva kutentha kwa thupi la mayi ake, ndipo kakafuna kuyamwa bere lili pomwepo. Njira imeneyi lero imatchedwa kangaroo, ndipo mu 2022 bungwe la WHO linalangiza kuti iziyamba mwana akangobadwa, osadikira kuti ayambe wakhala m'makina. Chimene ndikufuna muone apa ndi ichi: chifuwa cha mayi ndi chachilengedwe ndithu, koma njirayi inafika padziko lonse chifukwa inayesedwa mobwerezabwereza ndipo ana anapezeka akupulumuka.

Za mafoni sindichulutsa, chifukwa aliyense waona. Mwana wa zaka ziwiri wakhazikidwa pansi, maso ali pa kanema wa m'foni, supuni ikulowa m'kamwa iye osadziwa n'komwe chimene akudya, ndipo foniyo ikangochotsedwa kulira kwake kumamveka kutali. Malangizo a WHO a mu 2019 amati mwana wosakwana zaka 2 asamaonere kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Mwana amaphunzira kulankhula poyang'ana pakamwa pa munthu amene akumuyankha. Kholo limene lasankha kupirira kulirako n'kumupatsa mwana zoti agwire, akwere, agwe, adzuke, lasankha bwino, ngakhale anzake aliseke kuti ndi lachikale.

Tsopano tiyeni timve otsutsa, chifukwa ali ndi mfundo zolemera. Yoyamba imati: dokotala anaphunzira zaka zambiri, waona ana masauzande, iwe waona ako okhawo, bwanji osangomvera? Mfundo imeneyi ndi yoona mbali yaikulu, ndipo pa matenda ine sindingapikisane ndi munthu amene anauphunzira udokotala. Koma mbiri ikutionetsa kuti malangizo a akatswiri amasintha. Kwa zaka zambiri makolo m'mayiko a ku Ulaya ndi America ankauzidwa kuti azigoneka makanda chafufumimba poopa kuti angatsamwe ndi masanzi. Mu 1992 bungwe la madokotala a ana ku America linasintha malangizowo, mu 1994 kunayamba kampeni yoti ana azigona chagada, ndipo imfa zadzidzidzi za makanda ali m'tulo zinatsika ndi kuposa theka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 amayi oyembekezera ankapatsidwa mankhwala a thalidomide oletsa mseru, ndipo ana oposa 10,000 anabadwa ndi zilema, ambiri opanda mikono kapena miyendo yokwanira. Ngakhale lero, bungwe la WHO linanena mu 2021 kuti ana 21 pa 100 alionse padziko akubadwa kudzera pa opaleshoni, ndipo m'mayiko ngati Brazil, Egypt ndi Turkey obadwa pa opaleshoni akuposa obadwa m'njira ya masiku onse. Opaleshoni imapulumutsa miyoyo ikafunika, koma palibe amene angandiuze kuti oposa theka la amayi a m'mayiko amenewa matupi awo alephera. Choncho mayi wofunsa kuti "kodi opaleshoniyi ndi yofunikadi, ndipo tikadikira pang'ono chingachitike n'chiyani?" ali ndi ufulu woyankhidwa mwaulemu.

Kuwonjezera apo, dokotala amamuona mwana kwa mphindi zochepa, pamene kholo limamuona usana ndi usiku. Mayi amadziwa kusiyana kwa kulira kwa njala ndi kulira kwa ululu, ndipo nthawi zambiri ndi iye amene amayamba kunena kuti "mwanayu lero si momwe amakhalira", makina asanaonetse kanthu. Kholo limene linazolowezedwa kungovomera limakhala chete pa nthawi imene mawu ake akanathandiza dokotala. Komabe apa ndikufuna tisamale, chifukwa mfundo yoti akatswiri amalakwitsa ndi imene ambiri amaterereka nayo. Funsani kuti: anakonza zolakwikazo ndani? Za kugona chafufumimba zinakonzedwa ndi ofufuza amene anawerenga imfa za ana n'kuziyerekeza. Za thalidomide zinaululidwa ndi madokotala amene anaona kuti ana olumala akuchuluka modabwitsa. Sizinakonzedwe ndi mphekesera. Ndiye phunziro lake ndi loti tizifunsa umboni, osati loti tizikhulupirira aliyense amene akunyoza chipatala.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi yolemera kuposa yoyamba. Iwo amati: zonsezi zimayamba bwino ndi kuyamwitsa ndi chakudya chophika pakhomo, koma zimakathera pa kukana katemera. Sindikana kuti zimachitika, ndipo zimandipweteka. Taganizirani mayi wa mwana woyamba, usiku pakati, mwana ali kubere, dzanja lina lili pa foni. Wafufuza za kuyamwitsa, wapeza anthu omulimbikitsa amene sanamunyoze ngati ena. Mawa lake anthu omwewo akumuonetsa kanema wa kholo likulira, likunena kuti mwana wake anasintha atabayidwa katemera. Mayiyo amawakhulupirira chifukwa pa nkhani yoyamba ija ananena zoona. Umu ndi mmene bodza limalowera, litakwera pamsana pa choonadi. Koma chiyambi cha mantha amenewa chimadziwika. Mu 1998 dokotala wa ku Britain, Andrew Wakefield, anatulutsa kafukufuku wa ana 12 okha, akuganizira kuti katemera wa MMR, woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri, akukhudzana ndi vuto la autism, lokhudza kakulidwe ka ubongo, limene limachititsa mwana kuvutika kulankhulana ndi kucheza ndi anthu. Mu 2010 magazini imene inasindikiza kafukufukuyo inamuchotsa, ndipo Wakefield analandidwa chilolezo chogwira ntchito ya udokotala ku Britain chifukwa cha chinyengo. Mu 2019 ofufuza a ku Denmark anatulutsa zotsatira za ana oposa 650,000, ndipo sanapeze kugwirizana kulikonse. Kholo loganiza palokha likaika 12 mbali ino ndi 650,000 mbali inayo, silivutika kusankha.

Zimene zinachitika ku Samoa, dziko la zilumba za m'nyanja ya Pacific, zikuphunzitsa mbali zonse ziwiri. Mu 2018 makanda awiri anamwalira anamwino atasakaniza katemera wa MMR ndi mankhwala olakwika m'malo mwa madzi ake osungunulira. Kulakwa kunali kwa anthu, osati kwa katemerayo, koma makolo anachita mantha, ntchito yopereka katemera inaimitsidwa kwa miyezi ingapo, ndipo ana olandira katemera wa chikuku anatsika kufika pa 31 pa 100 alionse. Chakumapeto kwa 2019 chikuku chinabuka. M'dziko la anthu pafupifupi 200,000, anthu oposa 5,700 anadwala ndipo 83 anamwalira, ambiri mwa iwo ana osakwana zaka 5. Makolo amenewo sanali zitsiru, anali anthu okonda ana awo amene chikhulupiriro chawo chinasweka. N'chifukwa chake ndikunena kuti mankhwala a mantha si kukalipira kholo. Mayi amene wafunsa za katemera n'kuyankhidwa monyozedwa sabwereranso kudzafunsa. Amapita kwa uja wa pa foni amene amamuyankha mokoma. Otsutsa akufuna kutseka mafunso kuti ateteze ana, koma kutseka mafunsoko ndiko kumakankhira makolo m'manja mwa onyenga.

Apa ndiye ndiyenera kutembenukira kwa anzanga a mbali yanga, chifukwa nawonso ali ndi mfundo imene sindigwirizana nayo. Ena amati chilichonse chachilengedwe ndi chabwino, thupi la mwana limadziteteza lokha, makolo athu akale analibe majakisoni. Zoona analibe, ndipo kwa zaka mazanamazana pafupifupi theka la ana obadwa ankamwalira asanakule. Chikuku ndi chachilengedwe, kafumbata ndi wachilengedwe, nthomba inali yachilengedwe mpaka pamene katemera anaithetsa ndipo bungwe la WHO linalengeza mu 1980 kuti yatha. Mu 1990 ana oposa 12 miliyoni osakwana zaka 5 ankamwalira pachaka. Pofika 2022 chiwerengerocho chinali 4.9 miliyoni. Uchi ndi wachilengedwe, koma sapatsa mwana wosakwana chaka chifukwa ungathe kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda a botulism ofooketsa thupi lonse mpaka kulephera kupuma. Mkaka wa m'mawere, umene ndautamanda pamwambapa, uli ndi vitamini K wochepa, amene amathandiza magazi kuundana, ndipo makanda amabadwa ali naye wochepa kale. N'chifukwa chake amabayidwa jakisoni wa vitamini K akangobadwa. Bungwe loona za matenda la CDC la ku America limanena kuti khanda losalandira jakisoni ameneyu lili pa chiopsezo chochuluka ka 81 chotaya magazi m'kati mwa thupi, nthawi zina mu ubongo, masabata angapo chibadwire. Ndiye kuti mwana woyamwa mwakathithi ndi amene akufunika jakisoniyu kwambiri. Zinthu ziwirizi sizilimbana, zimathandizana.

Anzangawa amanenanso kuti "mwana ndi wanga, wina asandilowerere". Pa zinthu zambiri ndikuvomera: nthawi yogona, zovala, zoseweretsa, kaya matewera ochapa kapena otaya, kaya mwana ayamba liti sukulu ya mkaka. Ukalakwitsa pa zimenezi umakonza mawa. Koma funso langa lachiwiri lija, loti mwanayu alipira chiyani, ndi limene limalemba malire. Mwana si katundu wa kholo. Tinamusungira moyo umene adzaufune akadzakula. Ndiponso chikuku sichifunsa kuti mwana uyu ndi wa ndani. Kachilombo kake kamatsala mumpweya mpaka maola awiri wodwala atachoka m'chipinda, ndipo mwa anthu 10 osatetezedwa amene ayandikana ndi wodwala, pafupifupi 9 amatenga. Kuti chisafalikire pamafunika anthu 95 pa 100 alionse akhale atalandira katemera kawiri. Khanda la mnzako limene silinafike pa msinkhu wa katemera likudalira chisankho chako. Chimodzimodzi ndi kudwala: kusathamangira maantibayotiki pa chimfine ndi nzeru, chifukwa chimfine chimayamba ndi mavairasi amene mankhwalawo sawapha. Koma khanda losakwana miyezi 3 likatentha thupi, kapena mwana akamapuma mothamanga, akakana kuyamwa, akakomoka, palibe zoyesa zitsamba kapena kufunsa pa intaneti. Nyamukani. Ngakhale kugona ndi khanda pabedi limodzi, kumene mabanja ambiri amakukonda ndipo kumathandiza kuyamwitsa usiku, kuli ndi malire ake odziwika: osati pa sofa, osati kholo litamwa mowa kapena mankhwala ogonetsa, osati ngati wina amasuta fodya, osati ndi mwana wobadwa masiku asanakwane.

Mfundo ina ya otsutsa imachokera kwa amayi eniake, ndipo ndimaimva ndi mtima wonse. Iwo amati moyo wachilengedwewu ndi katundu wina amene akusenzetsedwa mayi: ayamwitse, aphike, achape, anyamule, akalephera adzione wolakwa. Pali choonadi chowawa apa. Pangano la mu 2000 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO limati tchuthi cha uchembere chisachepere masabata 14, pamene miyezi 6 yoyamwitsa mwakathithi ndi masabata 26, ndipo amayi ochuluka ogwira ntchito zosalembedwa alibe tchuthi n'komwe. Tikumuuza mayi kuti achite chinthu chimene sitinamupatse nthawi yochitira. Koma yankho lake si kutaya kuyamwitsa. Ndi kufunsa kuti bambo ali kuti, abwana ali kuti, malamulo ali kuti. Bambo alibe bere koma ali ndi chifuwa choikapo khanda, ali ndi manja ochapira thewera, angathe kudzuka usiku kuti mayi agoneko. Banja limene lasankha moyo umenewu n'kusiyira mayi yekha ntchito yonse silinasankhe limodzi. Ndipo ndinene momveka: mayi amene mkaka wake sukukwana, kapena akudwala, kapena ntchito yamupanikiza, n'kupatsa mwana mkaka wa m'chitini wokonzedwa mwaukhondo ndi madzi owiritsa, nayenso waganiza n'kusankha. Amene akumuloza chala waiwala kuti chimene tikulimbira ndi ufulu wosankha, osati kuti aliyense afanane ndi ife.

Pomaliza pali agogo, azakhali ndi apongozi, amene amati "tinakulerani chonchi, ndipo simunafe". Amenewa ndi ovuta kuwayankha chifukwa timawakonda ndiponso timawafuna. Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo zambiri zimene amadziwa, monga kugwira khanda lolira ndi kuzindikira mwana amene wayamba kudwala, sitingazipeze pa foni. Koma si zonse zakale zimene ziyenera kupitirira. Kumwetsa madzi khanda la masabata ochepa kumadzaza kamimba kake n'kuchepetsa kuyamwa, ndipo madziwo akakhala osatetezeka amabweretsa kutsekula m'mimba. Kukwapula mwana kumamuletsa lero chifukwa cha mantha, koma sikumuphunzitsa chifukwa chake chinthucho chili cholakwika; dziko la Sweden linaletsa kumenya ana mu 1979, ndipo mayiko oposa 60 atsatira. Kusankha nokha sikutanthauza kutsekera akuluakulu kunja. Bambo ndi mayi ayambe agwirizana awiri kuseri, kuti pasapezeke mpata wowagawa. Kenaka aliyense alankhule ndi makolo ake omubereka, osati kutuma mnzake kwa apongozi. Nenani chifukwa, osati lamulo lokha: "Amayi, mwanayu sitimumwetsa madzi mpaka akwane miyezi 6, mkaka womwewu uli ndi madzi okwanira, ndipo tikuopa kutsekula m'mimba." Akakayikabe, atengeni tsiku lokaonetsa mwana kuchipatala, akafunse okha kwa anamwino inu muli pomwepo.